Supuni imayambira m'chiuno

Tsopano mutu wa kakulidwe ka mwana wandilowa, mtima wakhala m'malo. M'manotsi a kukalasi kwathu kuyenda kuli ndi tsamba lake, kudzisamalira tsamba lakenso, chonsecho ndi nkhani imodzi. Zoti mphamvu zimayambira kukhosi n'kumatsikira kumiyendo tonse tikuzidziwa. Chomwe chatsegula maso n'chakuti dzanja siligwira ntchito ngati thunthu likugwedera. Mwana amene akudzichirikiza ndi manja kuti asagwe alibe dzanja logwirira supuni. Akhazikike kaye m'chiuno ndi kumsana, kenako mapewa, chigongono, zala pomaliza. N'chifukwa chake kutola kanthu ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala kumabwera cha pa miyezi 9 mpaka 12, atayamba kale kukhala tsonga yekha.

Ndiye mwana wa chaka ndi theka akamataya chakudya, musathamangire kuona zala. Onani wakhala bwanji. Mapazi aponde penapake, mawondo ndi chiuno zipinde madigiri 90, tebulo lifike pachigongono. Miyendo ikamalendewera, supuni nayo imasochera. Kuchimbudzi n'chimodzimodzi: kukhala wouma maola awiri sikokwanira ngati sangathe kuyenda kukafika, kutsitsa kabudula ndi kukhala osaopa kugwa.

Pophunzitsa kuvala, ine njira yoyambira kumapeto ndaigwa nayo m'chikondi, sindikuona ina yoiposa. Pa sokosi, wamkulu mumuveke mpaka kudutsa chidendene, iye angokokera m'mwamba. Akazolowera, musiyireni chidendene, kenako zala, mpaka ayambe yekha. Nthawi zonse womaliza ndi iyeyo, ndiye sagwa ulesi. Yambani ndi kuvula, poti kumaphweka kuposa kuvala. Mabatani akuluakulu adikire zaka 3 kapena 4, zingwe za nsapato zaka 5 kapena 6. Chimaononga njirayi n'changu cha m'mawa, wamkulu amangomaliza yekha.

Chondinyansa n'chakuti aphunzitsi amatipatsa mwezi umodzi woloweza pa luso lililonse, mayeso n'kufunsa womwewo. Kafukufuku wa WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, wa mu 2006, wa ana a ku Ghana, India, Norway, Oman ndi United States, anapeza kuti kukhala tsonga wekha kumagwa pakati pa miyezi 3.8 ndi 9.2, kuyenda wekha pakati pa 8.2 ndi 17.6, ndipo ana pafupifupi 4 pa 100 alionse sanakwawe n'komwe ndi manja ndi mawondo. Zimenezi m'kalasi zimangodutsidwa, ati nthawi yachepa.

Mwana wosayenda pa miyezi 18, kapena amene wataya luso lomwe anali nalo, apite kuchipatala, pamenepo palibe zokambirana. Pondivutabe ndi pa mwana amene amatha kuvala koma akukana dala. Umuveke kuti tsiku liyende, kapena udikire mpaka aliyense akwiye? Njira yangayi pamenepa ikuoneka ngati ikuchepa mphamvu, kaya.