Zikomo nonse, koma makamaka apongozi anga

Abale ndi alongo, a mlaga wathu, anzanga a pa sikelo ku Limbuli, ndi nonse amene mwakhala mukundifunsa pa WhatsApp, ndati ndikuyankheni pamodzi pano chifukwa mphamvu zoyankha mmodzimmodzi ndilibe. Ndikuyenda. Sindikuthamanga, sindikunyamula kanthu, chala chachikulu cha kuphazi lamanzere chidakali ndi dzanzi, koma ndikuyenda popanda wondigwira, ndipo Lamulungu lapitali ndinakafika ndekha kutchalitchi. Ambuye alemekezeke. Izi ndikulemba chiimire, foni ndatsamiritsa pawindo, chifukwa kukhala pansi nthawi yaitali msana sunavomerebe.

Nkhani yake ambiri mukuidziwa. Mu Ogasiti, nandolo ali pachimake, thumba la makilogalamu 50, kulikweza pa lole uku ndikutembenuka nalo. Basi. Matumba otere ndanyamula zaka ndi zaka. Tsiku limenelo ndinangomva kubaya m'chiuno, pofika mawa lake ululu unali utatsikira m'thako, kuseri kwa ntchafu, m'katumba mpaka kuphazi, ukuwotcha ndi kukoka nthawi imodzi. Kutsokomola unali mlandu. Kuyetsemula ndiye ndinkayamba ndagwira khoma.

Mayi a kunyumba, inu mukudziwa zimene mwaona, ndipo zina sizolemba pagulu. Munagwira sikelo nokha, munakangana ndi mavenda nokha, madzulo n'kubwera kudzanditembenuza. Zikomo mayi.

Koma lero ndiloleni ndinene za apongozi anga akazi. Ndikudziwa kuti iwo sawerenga Facebook, ndiye wina akawawerengere, ngakhale akakana kuti n'zochititsa manyazi.

Inu a ku Mulanje kuno mukudziwa mmene timakhalira pachikamwini. Ine kwathu ndi ku Thyolo, kuno ndinabwera kudzakwatira. Zaka zonsezi ine ndi apongozi takhala tikuthawana monga mwambo unenera. Tikakumana panjira wina amapatuka, moni timapatsana chapatali titanjuta, nsima sitinadyerepo pamodzi, akakhala ndi mawu amatuma mwana. Ndiye taganizani, munthu yemweyo ndi amene m'mawa wina, mayi a kunyumba atapita kumsika, anakankha chitseko, n'kuima pakhomo la kuchipinda atayang'ana kumbali, n'kunena kuti, "Apongozi, manyazi tidzachita mukachira. Tadzukani." Ndinalira abale. Munthu wamkulu, bambo wa ana, ndinalira pamaso pa apongozi, iwo osasuntha mpaka nditaika mapazi pansi.

Sikuti anangoganiza okha zondidzutsa. Kuchipatala cha boma anapita nafe, ndipo zimene ananena adokotala a mafupa anazisunga m'mutu kuposa tonse amene tinapita kusukulu. Adokotalawo anandigoneka chagada, n'kuyamba kukweza mwendo wamanzere utawongoka. Usanafike patali ndinakuwa, ululu utathamanga kuchoka m'chiuno mpaka kuphazi. Anangogwedeza mutu. Kenaka mafunso: kodi thupi limatentha, kodi mumatuluka thukuta usiku, kodi mwaonda, kodi munadwalapo TB? Anati amafunsa zimenezi chifukwa TB imathanso kugwira mafupa a msana, ndipo kuno kwathu sangaisiye osaifufuza. Zonsezo kunalibe. Anandijambula X-ray, mafupa anaoneka bwinobwino.

Pamenepo ndi pamene ena munapezera poyambira. Akuti makina a azungu saona kanthu, ndiye kuti n'zachimunthu. Akuti akuchikazi amulodza kuti alande sikelo. Mawu amenewa anandipeza ndili pamphasa, ndipo ndikudziwa pakamwa pamene anachokera. Dziwani lero kuti X-ray imaonetsa mafupa, siionetsa bwino zofewa zimene zili pakati pa mafupawo. Zimenezo zimaoneka pa makina a MRI, ndipo ife tinawapeza ku Blantyre. Ndalama yake inali isanakwane. Amene mumawanena kuti anandilodzawo ndi amene anamasula mbuzi yawo yaikazi n'kupita nayo kumsika. Mbuzi imeneyo ndi yokhayo imene inapulumuka pakhola pawo nthawi ya Freddy, mu Malichi 2023, madzi atakokolola zina zonse. Sanandifunse. Ndinangoona khola lili pululu, mayi a kunyumba akundipatsa ndalama zomanga pansalu.

Zimene anapeza ku Blantyre ndizifotokoze mmene anandifotokozera, chifukwa ambiri mwandifunsa, ndipo ena mukudwala zomwezi mwakachetechete. Kumunsi kwa msana kuli mafupa 5 osanjikizana, madokotala amawatchula L1 mpaka L5. Pakati pa fupa ndi fupa pali kachinthu kamene amati disiki, kamagwira ntchito ya nkhata, kuti mafupa asakhulane munthu akasenza katundu. Kunja kwake n'kolimba, m'kati n'kofewa. Kunjako kukang'ambika, zofewa za m'kati zimatumphukira panja n'kukapana mtsempha umene ukutsikira kumwendo. Yanga inatumphuka pakati pa L4 ndi L5. Akuti pamenepo ndi pamunsi pake, pakati pa L5 ndi fupa lotsatira kumunsi kwake limene amati S1, ndi pamene pamavuta anthu ambiri chifukwa ndi pamene pamasenza kulemera kwa thupi. N'chifukwa chake mwendo umawawa chonsecho mwendowo ulibe vuto. Inu amene munabwera ndi lezala kuti mundicheke mphini m'katumba, mukanacheka mwendo wosalakwa. Apongozi anakubwezani pakhonde pomwe, ndinamva ndili m'nyumba, ndipo ndikanatha kuseka ndikanaseka.

Ine ndinapita ku Blantyre mtima uli m'malere, ndikuganiza kuti akanding'amba msana. Adokotala anati ayi. Anthu ambiri a vutoli amayamba kupeza bwino m'masabata 6 mpaka 12 popanda opaleshoni, chifukwa thupi lokha limachepetsa pang'onopang'ono chotumphukacho ndipo kutupa kumaphwa. Opaleshoni ndi ya amene mwendo ukufookerafookera, kapena amene ululu wakana kutha patapita nthawi yaitali. Koma anatsindika chinthu chimodzi: kugona tsiku lonse kumabweza munthu m'mbuyo. Tsiku limodzi kapena awiri ululu ukakula, chabwino, koma kupitirira apo minofu imafooka, msana n'kuuma. Mankhwala aakulu ndi kuyenda pang'onopang'ono ndi mafizo.

Kunena n'kosavuta. Munthu amene akumva moto m'mwendo ukamuuza kuti yenda, amakuona ngati mdani. Apa ndi pamene apongozi anakhala dokotala wanga weniweni. M'mawa uliwonse ankafika dzuwa lisanatenthe, n'kugogoda ndi ndodo yawo pachitseko. Poyamba ulendo wathu unali wochoka pakhonde kukafika pamtengo wa mango n'kubwerera. Kenaka kumjigo. Kenaka mpaka m'mphepete mwa munda wa tiyi, kumene timaona anthu akuthyola tiyi atabereka madengu, ine n'kumaganizira misana yawo. Ndipo taonani mmene ankayendera: sankayenda pambali panga ayi. Ankatsogola mapazi angapo, nkhope kutsogolo, osacheuka, kuti mwambo usafe wonse. Koma makutu anali kumbuyo. Phazi langa likangokhwekhwereza, ankaima okha, n'kuyamba kuyang'ana chinangwa cha eni ake ngati chawasangalatsa kwambiri, mpaka atamva kuti ndayambanso kuponda.

Mafizo amene anandiphunzitsa a fiziyo kuchipatala, kugona chagada n'kupinda mawondo, kulimbitsa mimba, kugona chafufumimba n'kudzutsa chifuwa pang'ono, apongozi ankawerengera ndi njere za nandolo atakhala panja kuseri kwa windo. Ndikafuna kuba, ndinkangomva, "Zatsala m'manja muno, apongozi." A fiziyo ananena kuti zimene zikutsitsira ululu kumwendo ndizisiye, zimene zikuubweza kuchoka kuphazi kubwerera m'chiuno ndizipitirize, chifukwa kubwerera m'chiunoko ndi chizindikiro chabwino. Ndiye tsiku lililonse funso linali lakuti lero ululu wafika pati. Tsiku limene ndinayankha kuti walekezera pabondo, ndinamva nthungululu kuseri kwa nyumba.

Adokotala anatichenjezanso za zizindikiro zosafunika kudikira kuti kuche: mkodzo kukana kutuluka kapena kutuluka wokha osaumva, chimbudzi kutuluka chokha, dzanzi pakati pa miyendo ndi kumatako, miyendo yonse iwiri kufooka. Zikatero ndiye kuti mitsempha yapanika kwambiri, ndipo kuchedwa kungasiye munthu wolumala mpaka kalekale. Anati tsiku lomwelo, ngakhale usiku, kuchipatala. Funso lotere apongozi sakanatha kundifunsa okha, pamenepo pokha manyazi anapambana. Ankatuma mdzukulu wawo wamng'ono uja: "Agogo akuti mwakodza bwino?" M'mawa uliwonse, mokweza, anthu a nyumba zoyandikana akumva. Ndinkayankha kuti kauze agogo kuti zonse zili bwino.

Za kuchimbudzi ndinene ndithu, chifukwa amene sanadwalepo msana sadziwa kuti kunjuta pachimbudzi chokumba ndi nkhondo. Kutsika umatsika, kudzuka ndiye ayi. Apongozi ndi amene anauza alamu anga kuti aboole mpando wakale wathabwa pakati, auike pamenepo, amangenso chingwe kudenga chogwira podzuka. Alamu, zikomo, ndipo simunauze munthu mpaka lero ndaulula ndekha. Usiku wozizira, chiperoni chikuwaza, ankatumiza botolo la madzi otentha lokulunga m'chitenje kuti ndiike m'chiuno. Kugona kunali cham'mbali, pilo pakati pa mawondo. Kudzuka, kuyamba ndatembenukira m'mbali, miyendo pansi, kenaka kudzikankha ndi mkono. Mpaka lero ndimadzuka choncho.

Mankhwala nawo anali m'manja mwawo. Brufen sankalola kuti ndimwe phala lisanalowe m'mimba, chifukwa anamva adokotala akunena kuti amatha kuyambitsa zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso munthu akamamwa mwachisawawa. Ena mwa chikondi munandibweretsera mapilisi a pamsika omanga m'kapepala, Indocid, diclofenac, ena osadziwika n'komwe dzina. Ndikuthokoza mtima wanu, koma sindinamwe. Brufen, Indocid ndi diclofenac ndi a banja limodzi, saphatikizidwa. Apongozi anawasonkhanitsa onse n'kukaonetsa kuchipatala, ndipo sanabwerere nawo.

Usiku ndiye unali wanga ndekha ndi Mulungu. Nandolo akutha kumsika, anzako akugula, iwe uli chigonere ukuwerenga malata. Fizi ya ana, ngongole, mawu a anthu. Panali masiku amene ndinkapemphera mawu amodzi okha, Ambuye ndichitireni chifundo, chifukwa ena sankabwera. Amayi a Mvano, nyimbo zimene munadzaimba pakhonde Lachinayi lija zinandigwira kuposa mmene mukuganizira, ndi ufa uja, ndi nkhuni. A mlaga wathu, zikomo. A banki m'khonde, munandidikira osandichititsa manyazi, Mulungu akuonjezereni. Mnyamata wa njinga yamoto amene ankanditengera kuchipatala, iwe unkayenda ngati ulibe kwina kopita, ukafika pa bampu n'kutsitsa mapazi pansi, ena akukuimbira hutala, ndalama yake yomweyo. Kondakitala wa minibasi ya ku Limbe amene anandipatsa mpando wakutsogolo n'kupempha adalaivala kuti aime pang'ono panjira ya Midima ndiwongole msana, dzina lako sindilidziwa, koma Mulungu akulidziwa. Adokotala ndi a fiziyo, munandifotokozera ngati munthu, osati ngati nambala ya pamzere. Zikomo.

Tsono kwa inu amene nthawi ya nandolo simuchoka pa sikelo panga, kanyenya timadyera limodzi, koma matendawa mwawamvera pa Facebook pano: moni. Ndili bwino, musavutike. Inu amene muli ndi ndalama zanga ndipo foni yanu inayamba kusowa netiweki mu Ogasiti momwemo, kope lija silinadwale msana, lilipo. Ndi inu a kwathu amene munangotumiza uthenga woti ndithawe kuchikamwini ndisanafe, osatumiza ngakhale ya thiransipoti, sindikusungirani mangawa. Chaona mnzako chapita, kotsalako mukukudziwa.

Apongozi, amayi anga, sindikudziwa kuti tsopano tizikhala bwanji. Dzulo tinakumana panjira ya kumjigo, inu munapatuka ngati kale, ine ndinafuna kunjuta koma msana unakana, ndiye ndinangoima n'kuomba m'manja. Munaseka. Ambuye akusungeni, akupatseni masiku ambiri, miyendo yanuyo isatope, ndipo tsiku limene inu mudzafune wokutsogolerani panjira, ine ndilipo.

Ku sikelo ndiyamba kuonekera mwezi wamawa, koma kulemba ndi kuwerengera kokha. Adokotala anati vutoli limatha kubwerera, ndiye matumba ndasiya kaye. Anyamata a ganyu amene mudzagwire ndi ine, pa sikelo panga thumba azinyamula anthu awiri, kupinda mawondo osati msana, katundu pafupi ndi thupi, ndipo potembenuka muzisuntha mapazi, osapotokola chiuno. Amene akufuna kuonetsa mphamvu akaonetsere kwina.

Chomaliza, ndikufuna mbuzi yaikazi, yabwino, makamaka yabere. Amene ali nayo cha ku Limbuli, Muloza kapena Chitakale andiuze mtengo ku inbox, ndilipira kawiri, theka pano theka nandolo akadzacha. Ndipo amene mukawawerengere apongozi uthengawu, ndime ino muidumphe, akamva akana.