Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 17: Loko Amene Ndinabwerera Naye

M'gawo lapitali ndinalekezera pomwe bambo anga anatisiya, kanyumba kawo ka kuseri n'kugwera m'manja mwanga. Zokhala landilodi sindinazilotepo. Koma fizi ya ana anga awiri inkandidikira teremu iliyonse, ndiye ndinakapenta kanyumbako, kukonza zenera losweka, n'kulowetsamo banja lina: bambo, mayi ndi ana atatu, womaliza akadali kumsana. Tinagwirizana pakamwa basi. Ndinkaona ngati kuuza munthu wamkulu kuti asaine pepala n'kumukayikira, ndipo manyazi amenewo anadzandivutitsa patsogolo.

Chaka choyamba zonse zinali myaa. Kenako bambowo ntchito inawathera. Mwezi woyamba anabwera okha, chipewa chili m'manja, amvekere, "Mayi, tipirireni pang'ono, zikhala bwino." Ndinapirira. Wachiwiri anapereka theka. Pofika mwezi wachisanu anali atasiya kundiyankha foni, ndipo ndikagogoda madzulo nyali inkazima m'katimo. Chimene chinkandiwawa kwambiri ndi kuzima kwa nyaliko, kuposa ndalama zenizenizo. Sabata yomweyo mwana wanga wamkulu anabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi.

Achimwene anga atamva anapsa mtima. "Achemwali, chifundo chinapha nkhwali. Gulani loko, akangotuluka mukatseke. Apo ayi tichotse chitseko, tiwadulire madzi ndi magetsi. Sabata siitha, atuluka okha." Ndinagula lokoyo tsiku lomwelo.

Loweruka m'mawa ndinawaona akutuluka banja lonse. Ndinapita pakhomo paja loko ali m'chikwama, mtima ukugunda ngati ndine wakuba pa nyumba ya bambo anga omwe. Katani ya pazenera inali yosatseka bwino. Ndinasuzumira. Pa mpando panali yunifomu yosita, pansi tinsapato titatu tondandalika bwinobwino, ndipo patebulo panali kabotolo ka mankhwala a chifuwa, kasipuni kali pambali pake. Ndinaganiza za mwana wa kumsana uja akutsokomola usiku, mankhwala ake ali kuseri kwa loko wanga. Mkwiyo sunandichoke ayi, koma dzanja linakana. Ndinabwerera m'nyumba mwanga n'kukhala pabedi nthawi yaitali.

Lolemba mnzanga wina anandiperekeza kwa azakhali ake omwe ndi loya. Anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula, kenako anati, "Mwana wanga, nyumbayo ndi yako, palibe angatsutse. Koma lero lino ndi kwawo kwa anthu amenewo, ndipo wowachotsa kwawo ndi khoti lokha." Anandifotokozera kuti ndikanatseka chitseko chija, bambowo akanatha kuthamangira kukhoti, ndipo khoti likanayamba ndi kundilamula kuti ndiwabwezeretse m'nyumba lisanamve n'komwe za ngongole yawo. Katundu akanasowa kapena kuwonongeka, wolipira ndikanakhala ine. Kudula madzi, kuchotsa chitseko, kugwira wailesi kapena mipando ngati chikole mwa ine ndekha, zonsezo anati zimasandutsa munthu wolakwiridwa kukhala wolakwa.

Pambuyo pake ndinawerenga ndekha n'kupeza kuti mfundo imeneyi mayiko ambiri anaikhazikitsa. Malamulo aakulu a dziko la South Africa a 1996, pa ndime 26, amanena kuti munthu sangachotsedwe pakhomo pake popanda chigamulo cha khoti lomwe launika mbali zonse, ndipo lamulo lawo la 1998 limafuna kuti munthuyo adziwitsidwe mwa kalata masiku osachepera 14 mlandu usanamvedwe. Ku England, lamulo la 1977 limati kutulutsa munthu wa lendi mosatsata malamulo, kapena kumuzunza kuti atope achoke yekha, ndi mlandu woti landilodi akhoza kumangidwa nawo. Masiku a notisi ndi mayina a makalata zimasiyana dziko ndi dziko, koma msewu wake ndi umodzi.

Azakhali aja anayamba ndi funso lomwe linandiumitsa pakamwa: "Umboni uli kuti?" Mgwirizano wa pakamwa anati ndi mgwirizano ndithu, koma kuutsimikiza n'kovuta. Mwamwayi ndinali ndi kope lomwe ndinkalembamo ndalama iliyonse yolowa, chizolowezi chomwe ndinatengera kwa bambo anga, komanso mauthenga a pafoni momwe bambo a lendi aja ankavomereza okha kuti ali ndi ngongole. Usiku umenewo ndinakhala pansi n'kulemba mwezi ndi mwezi: zoyenera kulipidwa, zomwe zinalipidwa, zotsala.

Kalata yoyamba inali yowakumbutsa ngongoleyo, kuchuluka kwake ndi tsiku lomaliza kubweza. Munalibe mawu onyoza kapena owopseza. Ndinakapereka pamanja pamaso pa mboni, iwo anasaina pa kope langa. Tsikulo litadutsa ndinapereka yachiwiri, notisi yothetsa mgwirizano. Popeza ankalipira mwezi ndi mwezi, azakhali anati ndiwapatse mwezi wathunthu, ndipo anawerengetsa okha masikuwo kawiri. Anati milandu yambiri ya eni nyumba imagwa pa zinthu zazing'ono ngati zimenezi: notisi yaperewera tsiku limodzi, deti yalembedwa molakwika, palibe umboni woti munthu anailandira. Zikatero umayambiranso pachiyambi.

Mwezi wa notisiwo unali wautali kwa ine. Paipi ya kubafa kwawo inaphulika, ndipo ndinaitana pulambala n'kumulipira ndi ndalama zanga, anthu ake ali ndi ngongole yanga ya miyezi isanu ndi umodzi. Achimwene anagwira pakamwa. Koma ndinali nditauzidwa kuti udindo wa mwini nyumba sutha chifukwa choti wakwiya: nyumba iyenera kukhalabe yoti munthu n'kukhalamo, ndipo sulowamo osayamba wadziwitsa. Tsiku lina mayi a m'nyumbamo anabwera ndi kandalama kochepa komanga pansonga ya mpango. Ndisanalandire ndinaimbira azakhali, chifukwa anali atandichenjeza kuti m'malamulo ena kulandira lendi notisi itaperekedwa kumaoneka ngati wautsitsimutsa mgwirizano. Anati ndilandire, koma palisiti ndilembe momveka kuti ndi ya ngongole yakale ndipo notisi ikadalipo. Mayiwo anaima pakhomo akundiyang'ana ndikulemba, tonse osayankhula.

Notisi inatha, iwo sanasamuke. Ndinakasuma, masamoni anaperekedwa, n'kupatsidwa tsiku. Ndinkaopa khoti ngati kumanda, koma chipinda chake chinali wamba, cha mabenchi ndi fani yolira padenga. A majisitireti anawerenga kope langa tsamba ndi tsamba, kenako anatembenukira kwa bambo aja. Sanakane kalikonse. Anangoti, "Bwana, ngongoleyo ndi yoona. Chondilepheretsa kutuluka n'choti ndilibe kolowera ndi ana." Aka kanali koyamba m'miyezi yambiri kuwamva akuyankhula osazemba. A majisitireti anafunsa zaka za anawo ndi tsiku lotsekera sukulu, n'kutipempha tituluke kaye tikakambirane. Pabenchi la panja tinagwirizana kuti asamuke teremu ikatha, ngongole azibweza pang'onopang'ono. Zimenezo n'zomwe zinalembedwa ngati chigamulo. Ndinauzidwanso kuti akapanda kutuluka pa tsikulo, owatulutsa ndi a sherifu a khoti, osati ine kapena achimwene.

Sindikubisirani, njira imeneyi inandidyera miyezi inayi, ndipo gawo lina la ngongole ija sindinalionenso mpaka lero. Pali masiku omwe ndimakumbukira mwana wanga atakhala pakhonde anzake ali m'kalasi, mtima n'kuwawanso. Malamulo amachedwa, ndipo wa nyumba imodzi ngati ine amamva kuchedwako kuposa wa nyumba makumi awiri. Komabe ndikafunsidwa ndimayankha mosazengereza kuti lokoyo sindikanamumangirira.

A sherifu sanafunikire. Loweruka lotsatira kutseka kwa sukulu, galimoto yaing'ono inaima pakhomo m'mamawa. Katundu atatha kukwezedwa, ine ndi bambowo tinayendera chipinda chilichonse pamodzi ndi mboni. Tinalemba galasi limodzi losweka ndi mpini wa chitseko wothyoka, tinawerenga mita ya madzi, n'kulemba papepala momwe dipoziti yawo yagawidwira, tonse n'kusaina. Anatulutsa makiyi awiri omangidwa pa kachingwe kofiira, anawapereka ndi manja awiri, n'kunena kuti, "Mayi, mwatisunga. Pepani pa zonse." Ndinayankha kuti, "Muyende bwino, bambo. Ana aphunzire."

Galimoto itakhota, ndinalowa m'kanyumba kaja ndekha. Pakhoma la kuchipinda panali timizere ta pensulo pomwe ankayezera msinkhu wa ana, kamzere kalikonse ndi deti yake. Ndinamuuza wopenta kuti khoma limenelo ayambe walisiya.

M'gawo lotsatira ndidzakuuzani za munthu amene analowamo pambuyo pake, yemwe anawerenga mgwirizano wanga wa masamba awiri mpaka kumapeto n'kundipempha kuti tisinthe ndime imodzi.