Thrash inadzukadi, koma yabwera ndi chiyani chatsopano?

Dzulo usiku tinakangana mpaka mawu kusasa pa nkhani ya magulu oimba thrash, nyimbo za heavy metal zaliwiro kwambiri, amene anatulukira m'zaka za m'ma 2000. Mnzanga wina salola kuti munthu anyoze Municipal Waste a ku Richmond ku America, akuti ndiwo anadzutsa nyimbozi zitagona. Chabwino, amathamanga, amasangalatsa, koma ukatsinzina umangomva D.R.I. ndi Anthrax a m'ma 1980 atavala nsapato zatsopano. Nawonso Evile a ku Huddersfield ku England poyamba ankamveka ngati ana a Slayer ndi Metallica, ngakhale magitala awo ndi akuthwa ndithu.

Ine mtima wanga uli pa Vektor. Anyamata a ku Arizona amenewa anatenga liwiro la thrash n'kulisakaniza ndi nkhani za m'mlengalenga, nyimbo zazitali zokhotakhota, ndi mawu okuwa ngati a black metal, mtundu wina wa heavy metal. Ena amati anangotengera Voivod a ku Canada. Mvetserani bwinobwino, sizofanana ayi.

Amene tonse tinagwirizana kuti ndi akatswiri ndi Power Trip a ku Dallas basi. Titangotchula Riley Gale, woimba wawo amene anamwalira mu 2020, aliyense anangoti zii.

Nanga inu anzanga, pa magulu ena a nthawi yomweyi, Havok kapena Warbringer? Za Metallica musandiuze, amenewo ndi agogo.