Moni wa mbalame unandidyetsa njala

Nditafika ku Newcastle, ku England, mu Epulo, ndinaona kambalame kakuda ndi koyera ngati khwangwala wa kwathu ku Ntcheu, koma kochepa thupi, mchira wautali ngati wobwereka. Kuno amati magpie. Ngakhale timu ya mpira ya mumzinda muno amaitcha dzina lomwelo.

Agogo ena achizungu oyandikana nawo nyumba anandichenjeza kuti ndikaona magpie imodzi ndi tsoka, ndiziipatsa moni ndi kuimenyera sawasha. Ndinaseka chamumtima. Si anthu omwewa amatiseka ife tikamaopa kadzidzi? Komabe kwa eni kulibe mkuwe, ndinayamba kupereka moniwo.

Miyezi imeneyo ntchito yopereka moniyo inali yochepa. Yaikazi imakhala pa mazira pafupifupi masabata atatu, ndiye panjira umangokumana ndi bambo ali yekha. Sawasha imodzi, basi, ulendo. Mu Juni anatulukira ana a michira yaifupi, ine n'kumangowonjezera moni pang'ono.

Chimene sanandiuze n'chakuti nyengo yozizira mbalamezi zimasonkhana, makamaka zachinyamata zopanda malo awoawo, n'kumagona pamodzi m'zitsamba zaminga. Tsiku lina mu Disembala ndinaima pa siteji, ndikupita ku ntchito ya usiku. Kuno dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane. M'manja ndinali ndi kontena ya nsima ndi nkhuku, ufa wake wogula mtengo woboola m'thumba. Ndinangomva chakachakachaka! Kutembenuka, chitsamba chonse chadzaza. Ndinawerenga mpaka 30 n'kusokonezeka.

Mtima unagunda. Ngati imodzi ndi tsoka, nanga 30? Ndinayamba ntchito. "Mwaswera bwanji bwana, mwaswera bwanji mayi," dzanja m'mwamba, dzanja pansi, ngati wapolisi wa pamsewu pa Lunzu.

Basi inaima. Sinali yanga. Dalaivala anatsegula chitseko n'kumandidikira, ine n'kupukusa mutu. Yachiwiri inaimanso. Uyu sanalankhule, anangondiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato. Apa n'kuti ndili pa mbalame ya 19, ndipo zinkangosinthana nthambi, moti ina ndiyenera kuti ndinaipatsa moni katatu.

Pobwerera m'mbuyo kuti ndione zapamwamba, ndinaponda madzi oundana. Miyendo m'mwamba, ine chagada khu! Kontena inatseguka, mitanda iwiri n'kugubuduka. Alendo anga aja anatsika onse. Ntchafu ya nkhuku inauluka ndikuona. Basi yanga inadutsa nthawi yomweyo, ndipo poti tsopano panalibe woimika dzanja, sinaime.

M'mawa mwake ndinawafotokozera agogo aja ndikutsimphina. Anaseka mpaka kugwira mpanda.

"Mwanawe, moni umaperekedwa ikakhala yokha. Zikakhala ziwiri ndi chimwemwe."

"Nanga zikakhala 30, agogo?"

Anaganiza kaye, n'kundifunsa ngati kontenayo ndinaitola.