Tsiku lobadwa ndi limodzi, ndipo kalendala ya mahatchi imayambira pamenepo

Mtima wanga wakhala pansi tsopano. Gawo lija la kosi yathu, la kalendala ya mipikisano ya mahatchi yokhala ndi magiredi, lomwe lakhala likundisowetsa tulo chiyambire teremu ino, lalowa m'mutu. Chomwe chanditsegula maso ndi kamfundo komwe aphunzitsi anangokatchula modutsa sabata yoyamba: mahatchi onse a mtundu wa Thoroughbred, wothamanga mipikisano, obadwira kumpoto kwa dziko lapansi amawonjezera chaka tsiku limodzi, pa 1 Januwale. Kamwana kobadwa mu Febuluwale ndi kanzake kobadwa mu Meyi, m'mabuku n'tamsinkhu umodzi. Kuno kummwera, ku South Africa ndi ku Australia, tsikulo ndi 1 Ogasiti.

Za kusiyana kwa Grade 1, 2 ndi 3 (magawo a kulemera kwa mpikisano, 1 ndiye wapamwamba), kapena chifukwa chomwe ku Ulaya amati Group pomwe ku America amati Grade, sinditaya nazo nthawi, anzanga a kosi ino mukuzidziwa kale. Ine ndikufuna ndikhazikike pa tsiku lobadwali, chifukwa china chilichonse chikuchokera pomwepa.

Popeza onse amakula tsiku limodzi, chaka chilichonse pamatuluka gulu limodzi la mahatchi oyendera limodzi. Ali ngati ana a kalasi imodzi, amene alowa sukulu pamodzi n'kudzalemba mayeso a Fomu 4 pamodzi, kungoti kuno kulibe kubwereza. Kentucky Derby, mpikisano wotchuka wa ku America, ndi ya mahatchi a zaka zitatu basi. Hatchi ikatupa mwendo sabata imeneyo, kapena ikangoyamba kutsokomola, mwayiwo wapita mpaka kale, ngakhale itadzakhala yaliwiro kuposa onse chaka chotsatira. Choncho kalendala ndi ulendo wa gulu limenelo kuyambira ubwana mpaka kukhwima, ndipo tsiku lililonse lalikulu linaikidwa pomwe lili chifukwa cha msinkhu womwe gululo lafikapo mwezi umenewo.

Taonani mitunda yake ku America. Mahatchi a zaka ziwiri amayamba ndi timipikisano tatifupi ta mamita pafupifupi 1,000. Kumayambiriro kwa Seputembala ku Saratoga kuli Hopeful, mamita 1,400. Mu Okutobala ku New York kuli Champagne, 1,600. Breeders' Cup Juvenile, kumapeto kwa Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala, ndi pafupifupi 1,700. Pa 1 Januwale onse asanduka a zaka zitatu, ndipo pofika kumapeto kwa Malichi ndi mu Epulo mipikisano yokonzekera ikuluikulu, Florida Derby, Arkansas Derby, Santa Anita Derby, Blue Grass ndi Wood Memorial, yonse ndi ya mamita 1,800. Loweruka loyamba la Meyi, pa Kentucky Derby ku Churchill Downs, mtunda ukwera kufika 2,000, umene ambiri mwa iwo sanauthamangepo chibadwire. Pakapita masabata awiri ndi Preakness, 1,900, pakapitanso atatu ndi Belmont, yomwe mwachizolowezi ndi 2,400. Nditandandalika manambalawa motsatana ndinaona ngati ndikuona mafupa a hatchi akukula. Mtunda ukutalika pang'onopang'ono pomwe thupi likulimba, palibe nambala yomwe inangogwera pomwe ili.

Ku England ndi chimodzimodzi, ndipo kumeneko n'komwe zinayambira. 2000 Guineas ku Newmarket kumayambiriro kwa Meyi ndi mamita 1,600, Derby ya ku Epsom mu Juni ndi 2,400, St Leger ku Doncaster mu Seputembala ndi pafupifupi 2,900. St Leger inayamba mu 1776, Derby mu 1780, Guineas mu 1809. Funso lomwe mipikisano itatuyi imafunsa hatchi ndi limodzi logawidwa patatu: uli ndi liwiro, nanga liwirolo ungalisunge mtunda ukatalika, nanga ungapirirebe chaka chikamatha? Yomaliza kuyankha onse atatu inali Nijinsky mu 1970.

Pomwe ndinasangalala kwambiri ndi pa nkhani ya katundu wonyamula, kutanthauza kulemera kwa wokwera ndi chishalo chake. Theka lachiwiri la chaka, a zaka zitatu aja amasiya kupikisana okhaokha n'kuyamba kukumana ndi akuluakulu awo. Ku England mkumano waukulu woyamba ndi Eclipse ku Sandown kumayambiriro kwa Julayi. Koma hatchi ya zaka zitatu mu Julayi sinakhwime, ndiye imapatsidwa katundu wopepuka, motsatira ndondomeko yomwe Admiral Henry Rous anakonza m'zaka za m'ma 1850. Chosangalatsa n'chakuti kupepukako kumachepa mwezi ndi mwezi. Mu King George ku Ascot kumapeto kwa Julayi, mamita 2,400, wamng'onoyo amapepukidwa ndi makilogalamu pafupifupi 5. Mu Prix de l'Arc de Triomphe ku Paris, Lamulungu loyamba la Okutobala, mtunda womwewo, kusiyana kwatsika kufika makilogalamu 3. Ku America mu Breeders' Cup Classic wa zaka zitatu amanyamula mapaundi 122, wamkulu 126. Ndiye kuti ngakhale sikelo yoyezera wokwera ndi chishalo chake ikuwerenga kalendala yomweyo, ikuwerenga miyezi kuchokera pa 1 Januwale.

Nanga n'chifukwa chiyani anthu anavutikira kukonza zonsezi? Yankho lili kukhola. Mipikisano imeneyi ndi njira yosankhira mbewu. Hatchi yaikazi imakhala ndi bere miyezi pafupifupi 11, choncho kumpoto amayamba kukweretsa pakati pa Febuluwale kuti mwana abadwe Januwale atalowa. Aliyense amafuna mwana wobadwa molawirira kuti adzakhale wamkulu thupi pakati pa anzake, koma akangophonya n'kubadwa pa 30 Disembala, pakapita masiku awiri m'mabuku ali ndi chaka chathunthu, ndipo adzapikisana moyo wake wonse ndi omuposa pafupifupi chaka. Alimi ena amayatsa magetsi m'makola kuyambira Disembala kuti thupi la hatchi yaikazi liziyesa kuti masiku atalika, nyengo yotenga bere yafika. Breeders' Cup, yomwe inayamba mu 1984, imatseka nyengo mu Novembala, ndipo yaimuna yomwe yapambana ili ndi miyezi itatu yopuma isanayambe ntchito yatsopano. Dzina lenilenilo likunena eni ake a mpikisanowo, oweta mahatchi.

Magiredi nawo anabwera chifukwa cha msika womwewo. Ku Ulaya anayamba mu 1971, ku America komiti ya bungwe la eni mahatchi ndi oweta inatsatira mu 1973. Munthu wogula kamwana ka chaka chimodzi pa okushoni ya Keeneland ku Kentucky mu Seputembala sangakaone kakuthamanga. Amawerenga kabuku komwe kalemba makolo ake, ndipo mayina a opambana mipikisano ikuluikulu amasindikizidwa ndi zilembo zakuda kwambiri. Wogula wochokera ku Ireland kapena ku Japan ayenera kudziwa kuti mpikisano womwe mayi wa kamwanaka anapambana ku California unali wolemera bwanji, ndipo giredi imamuuza zimenezo m'zilembo ziwiri. N'chifukwa chakenso Derby ya ku Epsom ndi Arc salola mahatchi ofulidwa. Opanda mbewu alibe choti atsimikize pamenepo. A ku America amawalola, ndipo Funny Cide, wofulidwa, anapambana Kentucky Derby mu 2003.

Giredi siigulidwa ndi ndalama zokha, komanso siikhala mpaka muyaya. Ku Ulaya amatenga mahatchi anayi oyamba kumaliza, n'kuona mlingo wawo, nambala yoyezera luso la hatchi, kwa zaka zitatu zotsatizana, ndipo Group 1 ya onse imayembekezeka kufika pa 115. Wood Memorial ndi Blue Grass, mbiri yawo yonse ija, anatsitsidwa kukhala Grade 2 mu 2017. Saudi Cup inayamba mu 2020 ndi madola 20 miliyoni, koma inadikira mpaka 2022 kuti ikhale Group 1. Zimenezinso zikubwerera pa gulu lija: mpikisano umalemera malinga ndi omwe amabwerako pa msinkhu umenewo mwezi umenewo.

Tsopano njira yanga, ndipo ndikunena mosaphethira kuti palibe ina yoposa imeneyi. Tengani pepala lalikulu, lija la tchati. Pamwamba lembani miyezi khumi ndi iwiri, m'mbali mizere itatu: zaka ziwiri, zaka zitatu, akuluakulu. Musayambe ndi kudzaza mayina a mipikisano. Sankhani hatchi imodzi muitsatire ndi cholembera chofiira. Ine ndinayamba ndi American Pharoah. Mu 2014 ali ndi zaka ziwiri anapambana Del Mar Futurity, Juvenile sanathamange chifukwa chovulala. Mu 2015 mzere wanga unadutsa pa Arkansas Derby, Kentucky Derby, Preakness, Belmont, kenako Haskell ku Monmouth, kenako Travers ku Saratoga komwe anagonja kwa Keen Ice, n'kukathera pa Classic ku Keeneland. Chaka chotsatira anali kukhola. Ndi cholembera chobiriwira ndinatsatira Frankel: Dewhurst mu Okutobala 2010, 2000 Guineas mu 2011, Derby anailambalala n'kukhalabe pa mamita 1,600 ku Royal Ascot ndi ku Goodwood, ndipo mtunda wa pafupifupi 2,100 anadzauyesa ali ndi zaka zinayi ku York mu Ogasiti 2012. Mipikisano 14, osagonjapo. Mizere iwiri yokhayi inandiphunzitsa kuti kalendala ili ndi njira zingapo zoyenda moyandikana, ya othamanga pafupi, ya mamita 1,600, ya apakati, ya opirira, ya aakazi okha, ndipo wophunzitsa hatchi ntchito yake ndi kudziwa pokhotera. Mukatsatira mahatchi angapo chonchi, mayina a mipikisano amakhazikika okha. Ndikukhulupirira kuti kosi yonseyi itha kuphunzitsidwa ndi pepala limodzi lotere, ndipo aliyense amene akuloweza pamtima akungodzipweteka.

Apa m'pomwe mtima umandiwawa. Chomwe tinapatsidwa ife ndi mndandanda wa mipikisano mazanamazana, wosanjidwa motsatira alifabeti, dzina, bwalo, giredi, mwezi. Arkansas Derby kumayambiriro, Wood Memorial kumapeto kwenikweni, pomwe ziwirizi zimachitika masabata oyandikana ndipo zimatumiza mahatchi kumalo amodzi. Munthu angaone bwanji ubale wake? Titafunsa chifukwa chomwe Travers ili mu Ogasiti, yankho linali lakuti ndi mwambo, tiloweze chifukwa zimabwera pamayeso. N'zoona kuti ndi mwambo, Travers inayamba mu 1864, koma mwambowo uli ndi chifukwa: mahatchi a Derby apuma, ochedwa kukhwima awapeza, ndipo gulu lonse likufuna kuyezedwanso lisanakakumane ndi akuluakulu. Kunena zimenezi sikutenga mphindi zambiri. Ambirife timaphunzira titaweruka kuntchito, maso akulemera, bandulo ikutha. Kentucky Derby imathamangidwa cha m'ma 1 koloko usiku nthawi ya kuno, m'mawa mwake ena tili ndi shifiti. Nthawi yochepa yomwe tili nayo siyoyenera kuthera pa alifabeti. Sindikunena kuti aphunzitsi athu sadziwa zinthu, amadziwa kwambiri, mwina n'chifukwa chake sakumbukiranso kuti munthu woyamba kumene amasochera pati.

Pepala lomwelo mukalisuntha ndi miyezi isanu ndi iwiri, kuti liyambire pa Ogasiti, lakupatsani kalendala ya kummwera. Cape Guineas ili mu Disembala, Met ya ku Kenilworth kumapeto kwa Januwale, ndipo Durban July, yomwe ambirife timaidziwira zovala ndi chikondwerero cha ku Greyville, ili Loweruka loyamba la Julayi, mwezi wotsiriza wa nyengo, a zaka zitatu atatsala masabata ochepa kuti akhale a zinayi. Kusiyana kwa nyengoku n'komwe kumachititsa kuti yaimuna imodzi ikwere ku Ireland kuyambira Febuluwale n'kukwera ndege kukagwiranso ntchito ku Australia kuyambira Seputembala.

Koma pa Durban July pomwepo m'pomwe pepala langa likuyamba kugwedezeka. Ndi Grade 1, mamita 2,200, kuyambira 1897, komabe katundu amagawidwa moti wamphamvu anyamule zambiri kuti ofooka akhalenso ndi mwayi. Melbourne Cup, Lachiwiri loyamba la Novembala, mamita 3,200, ndi chimodzimodzi, ndipo ofulidwa amapambanako kawirikawiri. Ngati cholinga ndi kupeza mbewu yabwino koposa, mpikisano wolemetsa dala wabwinoyo ukulowa pati? Mwina kummwera kuno anthu obwera kubwalo ndi obetcha ali ndi mawu aakulu pa kalendala kusiyana ndi momwe ndikuganizira, ndipo mfundo yanga ya khola ikungofotokoza theka.

Chinanso chikundivuta ku America komweko. Justify anapambana Triple Crown (Kentucky Derby, Preakness ndi Belmont) mu 2018 osathamangapo ali ndi zaka ziwiri, mipikisano isanu ndi umodzi yokha n'kupita kukhola. Mzere wake papepala langa ndi waufupi moti mzere wonse wapamwamba uli mbee. Rich Strike mu 2022 ndi Sovereignty mu 2025 anapambana Derby n'kusapita ku Preakness, eni ake poona kuti masabata awiri ndi ochepa. Ena akuti masikuwo atalikitsidwe, ena akuti kuvuta kwakeko ndiye mayesowo, ndipo mahatchi 13 okha ndi amene anakhoza onse atatu chifukwa chomwecho. Ine mtima wanga uli ndi achiwiriwa, koma ndikaganiza za miyendo ya nyama ya zaka zitatu yomwe kwenikweni ina sinakwanitse n'komwe zaka zitatuzo, ndimabwerera m'mbuyo. Sindinatsimikize ngati kalendala yomwe ndangoimvetsayi ikuyezabe mahatchi monga kale, kapena ngati msika wa kukhola wayamba kuwachotsa pabwalo mayeso asanathe. Mwina gawo la teremu yamawa, la malonda a mbewu, lidzandithandiza pamenepa, mwinanso lidzangowonjezera mafunso.