Mbiri ya moyo wanga, gawo 12: Achemwali atatuluka ku Gulupu

Gawo lapitalo ndinalekezera pamene achemwali anga aakulu anawayeza ndi viniga pa chipatala chaching'ono cha kwathu ku Chiradzulu, n'kuwatumiza ku Gulupu, ku Queen Elizabeth. Kumeneko anatsimikiza kuti ndi khansa ya khomo la chiberekero. Munali mu 2022. Madokotala a bungwe lothandiza odwala la MSF anali atatsegula chipinda chochitira maopaleshoni a matenda amenewa pachipatalapo mu 2019, ndipo achemwali anawachotsa chiberekero chonse. Gadiyani ndinali ine, poti ndinali ndisanakwatiwe ndipo ntchito yanga ya m'sitolo ku Limbe inali itatha.

Za kuchipatala sindichulutsa. Amene anakhalapo gadiyani amadziwa kuphika phala m'bandakucha ndi kudikira dokotala adutse. Ntchito yeniyeni ndinakaipeza kumudzi.

Anesi anatilangiza momveka. Kwa milungu 6 asasenze ndowa, asasinje, asagwire khasu, asakhale malo amodzi ndi bambo akunyumba. Koma asangogonanso tsiku lonse, aziyenda pang'onopang'ono kuti magazi asaundane m'miyendo. Bala likayamba kutuluka mafinya kapena thupi likatentha, tibwerere msanga. Tinatuluka ali ndi paipi ya mkodzo, ndipo mankhwala opha ululu ankawaumitsa m'mimba, moti papaya ndi madzi ambiri sizinkasowa pakhomo.

Sabata yoyamba anthu anadzadza. Obwera kudzazonda ankafika ndi Fanta, buledi, ena Sobo, n'kukhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka. Achemwali, mwa ulemu wawo, ankadzuka kuti alonjere aliyense, kenaka n'kumandinong'oneza kuti nditerekere alendo. Wodwala n'kumada nkhawa ndi ufa! Ndinachita kulimba mtima n'kumauza anthu kuti agona, ngakhale ali maso. Ena anandinena kuti ndine wamwano. Sabata yachitatu khonde linali zii, pamene thandizo linkafunika kwambiri.

Amene sindidzawaiwala ndi amayi awiri a Mvano. Iwo sankabwera ndi mawu ambiri. Wina ankafika m'mawa atasenza kale madzi a pamjigo, n'kutsanulira mu dramu, n'kumapita. Winayo anatenga zovala za ana kukachapa, ndipo tsiku lina anakapalira munda wa achemwali osauza munthu. Mchimwene wathu wa ku Johannesburg ankatumiza kangachepe pa Mukuru, yomwe inkathera pa minibasi za ku Blantyre.

Panalinso pakamwa pa anthu. Azakhali ena anauza alamu, ife tikumva, kuti mkazi wopanda chiberekero salinso mkazi, aganize bwino. Achemwali anamva ali m'nyumba. Usiku umenewo anandifunsa kuti, "Iwe, kodi bambo a ana anena chiyani?" Alamu ndi munthu wosayankhulayankhula, ndipo pa chikamwini sankafuna kuyankha akuluakulu a mudzi wa eni. Koma kutacha anatenga ndowa, napita okha kumjigo, azimayi onse akuona. Anthu anaseka, ena ankati anadyetsedwa. Iwo anapitiriza mpaka bala litapola. Kwa ine yankho lawo linali lokwana, ngakhale achemwali ankafunabe kumva ndi makutu, ndipo ndinachita kuwakankha alamuwo kuti, "Alamu, lowani mukawauze pakamwa."

Chinatisowetsa tulo kwambiri ndi zotsatira za chiwalo chimene anachotsacho. Nthawi imeneyo m'Malawi munalibe makina a radiotherapy, owotchera khansa m'thupi. Amene matenda anali atafalikira ankayenera kutumizidwa kunja, ena ku Kenya, ena ku India, ndipo mzere unali wautali. Achemwali sankaitchula nkhaniyi, koma ndinkawapeza akuwerenga mobwereza tsiku lolembedwa m'buku lawo la kuchipatala. Titapita, dokotala anati khansayo anaipeza isanapite patali, chofunika n'kumabwera kudzaonedwa pa masiku amene atipatse.

Pobwerera, tili mu minibasi, achemwali anayamba kukamba za mwana wawo wamkazi. Mwanayo anali atangokwanitsa zaka 9, msinkhu wa katemera wa HPV, woteteza ku kachilombo koyambitsa khansa imeneyi, amene boma linayamba kupereka m'dziko lonse mu 2019. Iwo anati akabayitsa basi. Azakhali aja atamva anati katemerayo ndi wotseka mimba za atsikana, ndipo anaitanitsa amalume. Mkangano umenewo ndidzaufotokoza m'gawo 13.