Loweruka ku Port Glasgow

Lero ndinalibe shifiti, ndiye ndinakwera sitima ya pamtunda ku Glasgow Central kukaona achemwali ku Greenock. Ndinatsikira kaye pa Port Glasgow kuti ndiwongole miyendo, kamvula kakuwaza monga mwa masiku onse kuno. Pafupi ndi Newark Castle pali fakitale yomanga sitima za pamadzi ya Ferguson Marine, ndipo sitima ya Glen Rosa idakali pomwepo, siinathebe.

Sitima imeneyi ndi inzake ya Glen Sannox anaziitanitsa mu 2015 pa mtengo wa mapaundi 97 miliyoni, kuti zidzakhale zitatha mu 2018. Glen Sannox inayamba kunyamula anthu a pa chilumba cha Arran mu Januwale 2025, mtengo wa ziwirizi utakwera pafupifupi kanayi. Kampani ya Ferguson Marine inagwa mu 2019, boma la Scotland n'kuitenga. Kuyambira pamenepo zonse akulipira ndi okhoma msonkho, ine ndi kamalipiro kangaka ndili momwemo.

Tikudya nsima masana nkhaniyi inabuka. Alamu akuti vuto ndi ulesi, kuti munthu akadziwa kuti boma lilipirabe, manja amalemera. Ndinati ayi alamu, taonani kumene zinthu zinapotokera. Anayamba kudula ndi kuwotcherera zitsulo mapulani asanagwirizanidwe, moti zambiri zomwe anamanga ankazagwetsanso. Mphuno ya kutsogolo kwa Glen Sannox anachita kuichotsa n'kuika ina. Mu 2022 kunadziwika kuti mawaya ambirimbiri a magetsi anali aafupi, osafika pomwe amayenera kulumikizidwa. Wowotcherera zitsulo amatsata pepala lomwe wapatsidwa. Nanga pepalalo likamasintha mwezi ndi mwezi, tsiku lake liwerengedwa bwanji? Zili ngati kuuza mmisiri kuti akhome denga, mwini nyumba asanaganize kuti zipinda zikhala zingati.

Chomwe chimandiseketsa mpaka lero ndi cha mu Novembala 2017, pomwe Nicola Sturgeon, yemwe anali mtsogoleri wa boma la Scotland nthawi imeneyo, anakatsogolera mwambo wotsitsira Glen Sannox m'madzi, mawindo ena ali ojambula ndi penti chabe. Amene analamula zimenezo sanali wovala ovolosi.

Alamu sanagonje, anandikumbutsa kuti ntchito yomanga sitima zing'onozing'ono zisanu ndi ziwiri inapita ku kampani ya Remontowa ya ku Gdansk, ku Poland, ndipo zina zinayi anazipereka ku Turkey. Pamenepo ndinangoti zoona. Fakitale ya boma kulephera kupeza ntchito yomwe boma lomwelo likulipira, n'zochititsa manyazi, ndipo mabwana amene akhala akusinthanasinthana pamenepa ndiwo ayenera kuyankha.

Achemwali anatidula pakamwa ndi funso loti kodi Ilala yathu ija inamangidwa kuti. Ndi pa mtsinje womwewu wa Clyde, ku fakitale ya Yarrow ya ku Scotstoun, mu 1949. Anaitumiza zidutswazidutswa, n'kuyamba kuyenda pa nyanja ya Malawi mu 1951. Kenaka anatituma kukatsuka mbale, ine n'kuthamangira sitima yobwerera chifukwa mawa ndikulowa m'mamawa.